Zolemba za foni ndi kompyuta zolandidwa zikamakanidwa ku khoti: poyang'ana ndi pokonza

Milandu ya mafoni si yachilendonso ku Mchinji kuno: kuberana ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, kuopsezana pa WhatsApp, katundu wozembetsedwa pa chipata cha Mwami amene mapepala ake ali mu laputopu ya munthu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola mauthenga a pa makina kukhala umboni, komabe woweruza amafuna kukhutira kuti chili patebulo pakecho ndi chomwe chija chinalandidwa pa chipikisheni, komanso kuti palibe anachigwiragwira panjira. Loya wa woganiziridwa akafuna kugwetsa umboni wotere, kawirikawiri amayambira pa fomu yolandirana ndi m'kaundula wa maekizibiti (zinthu zolandidwa kuti zikhale umboni), ndipo zolakwika zimene amapezamo ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka.

Musanakonze chilichonse pansipa, gwirani ichi: cholembedwa kale sichifufutidwa. Osapaka tipeksi, osang'amba tsamba, osalemba fomu yatsopano n'kuikapo deti lakale. Dulani mzere umodzi woti mawu akale aziwerengekabe, lembani zolondola pambali, sainani, ikani deti la lero.

## Nambala ya pa chipangizo ikusiyana ndi ya m'kaundula

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Kukopera molakwa. Pa serial number anthu amasokoneza 0 ndi O, 1 ndi I, 5 ndi S, 8 ndi B. IMEI, nambala yodziwira foni iliyonse, imakhala ndi manambala 15 opanda chilembo chilichonse. Mukawerenga n'kupeza 14, kapena muli chilembo, cholakwika chili pa pepala.
2. Foni ya malayini awiri. Mafoni ambiri a Itel ndi Tecno ali ndi IMEI ziwiri. Wolanda analemba yoyamba, wa ku labu walemba yachiwiri. Lembani zonse, ndi kuti SIM iti inali m'malo ati.
3. Nambala ya chikuto m'malo mwa ya mkati. Laputopu ili ndi serial yake, disiki ya mkati mwake ilinso ndi yake. Chimodzimodzi disiki yonyamula m'thumba: chikuto ndi disiki yeniyeniyo zimakhala ndi manambala osiyana. Ena amakopera pa katoni imene foniyo inapezekamo, pamene katoniyo ndi ya foni ina.
4. Foni inapitako kwa okonza. Akasintha bodi, IMEI yotuluka pa `*#06#` imasiyana ndi ya pa kapepala ka kuseri kwa batire. Kusiyanako ndi umboni pakokha, makamaka pa mlandu wa mafoni akuba, ndiye lembani zonse ziwiri ndi komwe mwatenga iliyonse. Kudina `*#06#` ndi kugwira foni, choncho lembaninso nthawi imene munadina, ndipo pa foni yokhoma musayese.
5. Ekizibiti yasinthidwa. Sizichitikachitika, koma zinayi zapamwambazi zikapanda kufotokoza kusiyanako, lekani pomwepo ndipo dziwitsani mkulu wa ofufuza polemba.

Choyezera chake ndi chithunzi chimene chinajambulidwa pamalo a chipikisheni. Ngati chikuonetsa nambala bwinobwino, nkhani yatha m'mphindi zisanu.

Pa SIM musalembe nambala yoimbira yokha, chifukwa nambalayo mumachita kuuzidwa ndi mwini foni. Lembani ICCID, manambala 19 kapena 20 osindikizidwa pa kakhadipo. Imayamba ndi 89 kenako nambala ya dziko: 265 ndi Malawi, 260 ndi Zambia. Ochita malonda pakati pa Mchinji ndi Chipata ambiri amayenda ndi malayini a maiko onse awiri mu foni imodzi, ndipo kupempha zolemba za layini ya ku Zambia kuli ndi njira yake yaitali, ndiye ndi bwino kudziwiratu tsiku loyamba.

Kukula kwa disiki kusakusokonezeni. Disiki yolembedwa 500GB imaoneka ngati 465GB pa Windows chifukwa cha kawerengedwe chabe. M'lipoti lembani chiwerengero cha ma sector (tizigawo ting'onoting'ono timene disiki imasungamo deta): disiki wamba ya 500GB imakhala ndi 976,773,168, ya 1TB ndi 1,953,525,168.

## Hash ya lero sikugwirizana ndi ya tsiku lokopera

Hash ili ngati chidindo cha chala cha deta: mukasintha kadontho kamodzi kokha pa disiki yonse, nambala yotulukayo imasinthiratu. N'chifukwa chake imawerengedwa pokopera disiki, n'kudzawerengedwanso nthawi iliyonse kopelo likasuntha. Ikasiyana anthu amanjenjemera, koma nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono.

1. Mukuyerekeza zinthu zosiyana. Werengani zilembo, chifukwa hash ili ndi mitundu: MD5 ili ndi 32, SHA-1 ili ndi 40, SHA-256 ili ndi 64. Kenako onani chimene chinawerengedwa. Fayilo ya E01, mtundu wa kope la disiki, imasunga deta yopanikizidwa pamodzi ndi dzina la wokopera ndi nambala ya mlandu, kotero hash ya fayiloyo payokha siingafanane ndi hash ya disiki. Gwiritsani ntchito "verify" ya mu pulogalamu yokopera monga FTK Imager, Guymager kapena EnCase, imene imawerenga deta ya mkati. Onaninso ngati wina anakopera disiki yonse pamene mnzake wawerenga partition (gawo la disiki) imodzi.
2. Hash inalembedwa pamanja. Zilembo 64 kuzikopera ndi bolopeni madzulo mutatopa, kulakwitsa n'kosapeweka. Tsegulani fayilo ya log imene pulogalamu inatulutsa yokha, isindikizeni, isainidwe, imangiriridwe ku fomu.
3. Disiki inalumikizidwa popanda write blocker, kachipangizo koletsa kompyuta kulemba pa disiki. Windows ikangoona disiki kapena fulashi imayamba kulembapo timafayilo take ngakhale inu musanatsegule kanthu. Izi sizibwezeka. Funsani amene anaigwira, alembe sitetimenti yonena tsiku, nthawi, kompyuta imene anagwiritsa ntchito ndi zimene anatsegula. Katswiri amatha kuonetsa khoti mafayilo amene anakhudzidwa ndi amene sanakhudzidwe, bola akhale atauzidwa zoona.
4. Kope linaduka panjira. Magetsi anathima, chingwe cha USB chinagwedezeka, kapena disiki yolandirira inadzaza. Disiki yolandirira ikakhala ya FAT32 siilandira fayilo yopitirira 4GB, ndiye kope losagawidwa m'zidutswa limathera pomwepo. Yerekezani chiwerengero cha ma sector a kope ndi a disiki yeniyeni, ndipo onani kuti zidutswa E01, E02, E03 zilipo zonse. Kope loduka musalifufute. Lilembeni kuti linalephera ndi chifukwa chake, kenako yambani lina kompyuta ili pa UPS kapena inveta yokhala ndi moto wokwanira.
5. Ma sector owonongeka. Pulogalamu ikalephera kuwerenga sector imaikapo ma zero, ndipo ulendo wachiwiri ikhoza kuiwerenga kapena kulephera pena. Log imatchula ma sector amenewa. Musabwerezebwereze kukopera kuti hash igwirizane, disiki yodwala imafa msanga ikamakakamizidwa.
6. Ndi SSD, disiki yamakono yopanda mbali zozungulira. SSD ikangolandira moto imayamba yokha kuyeretsa malo a mafayilo ofufutidwa, ndipo write blocker siingailetse chifukwa zimachitikira mkati mwake. Choncho hash ya SSD yeniyeniyo ikhoza kusintha pakati pa lero ndi mawa popanda wolakwa. Lembani m'lipoti kuti ndi SSD, ndipo hash ya kope loyamba ndiyo ikhale poyimira.
7. Malo obisika pa disiki. HPA ndi DCO zimabisa ma sector ena. Chida china chimawaona, china ayi. Chizindikiro chake ndi ma sector ochepera pa amene alembedwa pa disikiyo. Izi asiyireni akatswiri.

Pa mafoni nkhani ndi ina. Foni imakopedwa ili yoyaka, ndiye makope awiri a foni imodzi sadzafanana hash ngakhale atatengedwa motsatizana. Chowerengera hash ndi fayilo imene yatuluka pokoperapo, nthawi yomweyo.

Langizo lathu ndi kulemba SHA-256 nthawi zonse, MD5 ikhale yowonjezera. Ofufuza anaonetsa kale mu 2004 kuti mafayilo awiri osiyana akhoza kupangidwa dala kuti akhale ndi MD5 imodzi, ndipo za SHA-1 zinaonetsedwa mu 2017. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku MD5 imagwirabe zolakwika za pokopera, koma palibe chifukwa chopatsira loya poyambira.

## Nthawi za m'lipoti zikutsutsana ndi za mboni

Yambani ndi kuwerenga kuti kusiyanako ndi kwa maola angati.

- Maola awiri enieni, lipoti lili m'mbuyo. Lipotilo lili mu UTC, nthawi imene maiko onse amawerengerapo. Malawi ali pa UTC+2 chaka chonse. Disiki ya NTFS, kasungidwe ka mafayilo ka Windows, imasunga nthawi mu UTC, ndipo Autopsy ndi mapulogalamu ena amaonetsa malinga ndi mmene wokonza lipoti anaikira. Zambia ndi Mozambique nawonso ali pa UTC+2, ndiye kuwoloka malire sikusintha wotchi, musataye nthawi ndi ganizo limenelo.
- Maola athunthu, koma ena. Chipangizo chinabwera ndi nthawi ya kwina ndipo palibe anaisintha. Dubai ali patsogolo pathu ndi maola 2, China ndi 6, Japan ndi 7. Izi zimapezeka kwambiri pa makina a CCTV ndi malaputopu ogulidwa atagwirapo kale ntchito kunja.
- Mphindi zosakwana ola, kapena chaka chakale kwambiri. Wotchi ya chipangizocho ndi yolakwika. Pa kompyuta ndi DVR (makina osunga zojambula za CCTV) chimakhala kabatire ka CR2032 katatha, ndiye magetsi akathima wotchi imabwerera kumayambiriro. Mafoni a mabatani ambiri amaiwala nthawi mukangochotsa batire. Mafulashi ndi timakhadi ta FAT timasunga nthawi ya chipangizo chimene chinalembapo, yolondola kapena yolakwika.
- Tsiku ndi mwezi zatembenuzidwa. 03/04 wina amawerenga 3 April, pulogalamu ya ku America ikutanthauza March 4. Lembani mwezi m'mawu.

Njira yopewera ndi imodzi: pamalo a chipikisheni, jambulani wotchi ya chipangizo pamodzi ndi wotchi yodalirika, monga foni ya ntchito yotenga nthawi ku netiweki, m'chithunzi chimodzi. Lembani kuti "DVR ikuti 14:07, nthawi yeniyeni ndi 14:31". Wotchi ya ekizibiti musaikonze. Ngati munaiwala ndipo chipangizo sichinathimepo, yezani lero n'kulemba kuti mwayeza lero. Ngati chinathima kale, katswiri ayang'ane chochitika china chodziwika nthawi yake, monga uthenga wa ndalama umene kampani ya foni ili ndi nthawi yake yeniyeni.

## Pa fomu yolandirana pali mpata, kapena chomata chang'ambika

Fomu ikuti foni inalowa m'sitolo ya maekizibiti Lachisanu, ikudzaonekanso ku Lilongwe Lachiwiri, pakatipo palibe dzina. Zimachitika motere:

1. Inalandidwa usiku kapena kumapeto kwa sabata wosunga maekizibiti kulibe, n'kugona m'dirowa ya wofufuza.
2. Anainyamula ndi dalaivala kapena mnzanu amene amapita kale ku likulu la polisi ku Area 30, osasaina.
3. Inapita ku khoti, mlandu unaimitsidwa, inabwerera popanda kulembedwa.
4. Mwini wake anapempha kuti "angoonamo nambala ya achibale" ndipo anamupatsa. Chifundo ichi chawononga milandu. Nambala ya achibale anene pakamwa kapena afunse wina.
5. Chomata chinamatuka chokha. Selotepu wamba ndi pepala lomata sizipirira kutentha kwa October kapena chinyezi cha dzinja.

Mpata umatsekedwa ndi zolemba zina za nthawi yomweyo: OB (buku lolembamo zochitika) ya pa kauntala, buku la maulendo a galimoto, kaundula wa ku khoti, siginecha ya amene analandira ku labu. Aliyense amene anagwira chinthucho alembe sitetimenti ya deti la lero yofotokoza kuti anachisunga kuti komanso ndani anali ndi kiyi. Kuuza munthu kuti asaine pa mzere wa Lachisanu lapitalo ndi chinyengo, ndipo zikadziwika umboni wonse wa wofufuzayo umakayikiridwa.

Pa kulandirana kulikonse pazikhala dzina, udindo ndi nambala ya ntchito ya wopereka ndi wolandira, deti, nthawi, chifukwa, nambala ya chomata, ndi mmene chomatacho chilili. Potsegula thumba dulani mbali ina, osati pa chomata chakale, ndipo thumba lakalelo lilowe m'latsopano. Sainani modutsa pa chomata kuti theka la siginecha likhale pa thumba. Disiki yopanda chikuto musaiike mu jumbo wamba chifukwa pulasitiki yotere imasunga magetsi amene amaononga bodi. Ngati thumba la antistatic palibe, envulopu ya pepala ndi yabwinopo. Chipangizo chonyowa chisamatidwe mu pulasitiki.

## Foni yafika ku labu itathima, itadzikhoma, kapena mauthenga atasowa

Apa zolemba zimayenera kuyankha funso limodzi: foni inali bwanji pamene munaigwira koyamba? Yoyaka kapena yothima, yokhoma kapena yotsegula, batire pa maperesenti angati, pa sikirini pali chiyani. Popanda zimenezi simungaonetse kuti mauthenga anasowa isanalandidwe kapena italandidwa.

1. Inasiyidwa pa netiweki. Mnzake wa woganiziridwa akhoza kufufuta mauthenga a WhatsApp kwa onse, kapena kufufutiratu foni yonse ali kutali kudzera pa akaunti ya Google kapena Apple. Ikani airplane mode, kenako onani ndi maso kuti Wi-Fi ndi Bluetooth zathima, lembani nthawi. Kuchotsa SIM kokha sikukwanira, Wi-Fi imagwirabe, ndipo mafoni ena ali ndi eSIM yosachotseka. Kumidzi ya m'malire musadalire zoti "kuno kulibe netiweki", foni ikhoza kugwira ya ku Zambia, ndipo mukangofika pamsewu wa M12 yagwira kale ya kwathu.
2. Batire linatha m'thumba la Faraday, lotchinga netiweki. Foni yotsekeredwa imalimbikira kusaka netiweki ndipo batire limatha msanga kuposa masiku onse. Ikani power bank yodzaza mkati momwemo, chingwe chisatulukire kunja. Thumbalo likasowa, kulungani foni ndi aluminium foil kangapo, koma yesani kaye ndi foni yanu: ikulungeni, wina aimbe, ikalira onjezani.
3. Wina anaithimitsa. Foni yamakono ikayaka kumene, isanalandire PIN koyamba, zambiri za mkati zimakhala zokhomedwa kolimba kuposa pamene inali itatsegulidwapo kale. Yapezeka yoyaka, isungeni yoyaka. Yapezeka yothima, isiyeni yothima.
4. Inakhalitsa. iPhone za iOS 18.1 kupita m'tsogolo zimadziyatsanso zokha zikakhala maola 72 osatsegulidwa, n'kubwerera pa kukhoma kolimba kuja. WhatsApp nayo ili ndi mauthenga odzifufuta pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Kuchokera pa boma kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wa tsiku lomwelo, ndiye foni yotere isadikire sabata yamawa.
5. Anayesa kulota PIN. Mafoni ena amadzifufuta akalakwitsidwa kakhumi. SIM imadzikhoma mukalakwitsa PIN katatu, ndipo PUK, nambala yotsegulira SIM yokhomedwa, ikalakwitsidwa kakhumi SIM yafa. Ngati wina anayesapo, lembani kuti kangati ndi manambala ati.

Kompyuta yopezeka yoyaka ili ndi vuto lofanana. Jambulani sikirini musanagwire kanthu. Kuzula pulagi kumataya zonse za mu RAM, zimene kompyuta imasunga ikakhala yoyaka basi, ndipo ngati disiki ili ndi BitLocker (pulogalamu ya Windows yokhoma deta) mwina mwadzitsekera nokha kunja.

## Zithunzi ndi malisiti sizikuthandiza

Screenshot yotumizidwa pa WhatsApp kuchokera kwa wodandaula kupita kwa wofufuza imafika itachepetsedwa, yopanda zambiri za nthawi ndi chipangizo chimene chinaijambula. Itengeni ngati chokulozerani njira, koma lembani foni imene inachokera ndi IMEI yake, kuti uthenga weniweniwo ukatengedwe komweko.

Zithunzi za pamalo zizitsatana: chipinda chonse, pamene chipangizo chili, chipangizocho mbali zonse, manambala ake pafupi, kenako zingwe za kumbuyo musanazule, chilichonse mutachimata chizindikiro cha pomwe chinalowa. Chaja ipite limodzi ndi laputopu. Timapepala tomatidwa pa desiki tijambulidwenso, nthawi zambiri pamakhala pasiwedi.

Malisiti a timakina ta ma agent a ndalama ndi a m'mashopu ndi a pepala lotentha, ndipo amafufutika okha, msanga kwambiri akakhala padzuwa kapena akamatidwa selotepu. Ajambuleni ndi kuchita fotokope tsiku lomwelo, enieniwo asungidwe mu envulopu. Osawachita lamineti, amada bii.

DVR imalemba pamwamba pa zakale disiki ikadzaza. Lembani tsiku lakale kwambiri limene likuonekabe, kuti mudziwe masiku amene mwatsala nawo.

## Pamene muyenera kuleka n'kuitana katswiri

- Disiki ikulira "ke, ke, ke" kapena sikuzungulira. Ithimitseni, musaiyatsenso.
- Batire latupa, chipangizo chinagwera m'madzi kapena chinapsa. Musachiike pa chaja.
- Kompyuta ndi yoyaka ndipo mukuona chizindikiro cha BitLocker kapena pulogalamu ina yokhoma deta, kapena ndi server ya ofesi, banki kapena chipatala imene anthu akugwiritsa ntchito.
- Sikirini ikuonetsa kuti mafayilo akufufutidwa pakali pano. Jambulani, lembani nthawi, imbani foni muli pomwepo kuti akuuzeni ngati muzule moto.
- Foni ndi yokhoma ndipo mwini wake wakana kupereka PIN.
- Hash yasiyana ndipo palibe chimodzi mwa zisanu ndi ziwiri zija chikufotokoza.
- Mwapeza zinthu zimene chikalata cha khoti chololeza chipikisheni sichinatchule. Funsani woimira boma pa milandu musanapitirire. Zikakhala zithunzi zolaula za ana, musakopere, musatumizire wina aliyense ngakhale bwana wanu, tsekani ndi kumata.
- Zimene mukufuna zili ku kampani ya foni, ku banki kapena pa akaunti ya Facebook ndi Google. Zimenezo zimapemphedwa kudzera ku khoti. Kulowa mu akaunti ya munthu ndi pasiwedi imene mwaipeza pa desiki kukhoza kukhala mlandu kwa inu.

Okonza mafoni a pamsika, ngakhale aluso chotani, asagwire ekizibiti: njira yawo yotsegulira foni yokhoma nthawi zambiri ndi kuifulasha, ndipo kufulasha kumafufuta zonse. Potumiza chinthu kwa akatswiri a polisi oona za upandu wa pa makompyuta, pitani nacho limodzi ndi kope la chikalata cha khoti, fomu yolandirana, zithunzi za pamalo, chaja ndi zingwe, PIN ngati inaperekedwa ndi dzina la amene anaipereka, ndi mndandanda wa chilichonse chimene chinadinidwa pa chipangizocho kuchokera pamene chinalandidwa.